Phiri likutuluka laling'ono, tiyi akuoneka wotuwa: kodi vuto ndi foni?

Funso: Ndimakhala kufupi ndi Chonde ndipo masiku ambiri ndimapalasa njinga kupita ku Chitakale, kufupi ndi boma la Mulanje. Panjira ndimaona zinthu zosangalatsa maso: phiri la Mulanje, nkhungu, minda ya tiyi, amayi akupalira. Koma ndikajambula, phiri limatuluka laling'ono ngati chulu, kumwamba kumangoti mbuu, tiyi naye amaoneka wotuwa. Foni yanga ndi Tecno wamba. Anzanga akuti ndigule kamera yeniyeni. Kodi chikusowa ndi ndalama, kapena pali chimene ndikulakwitsa?

Yankho: Achimwene, ndalamayo isungeni kaye. Mavuto atatu mwatchulawa sachokera ku mtengo wa foni. Amachokera pa nthawi imene mukujambula, mbali imene dzuwa lili, ndi pamene mwaima. Ngakhale munthu wa kamera yodula ataima pamsewu wa tala mwezi wa Sepitembala dzuwa lili paliwombo, naye abwera ndi phiri lotuwa lomwelo.

Musanachite china chilichonse, pukutani kagalasi ka kamera. Foni yokhala m'thumba la munthu wopalasa njinga imatola thukuta, fumbi ndi mafuta a m'zala, ndipo kautsi kamene kamaoneka pa zithunzi zambiri kamachokera pamenepo. Kansalu kofewa ka thonje kakwana, bola kakhale kopanda mchenga. Chitani zimenezi nthawi iliyonse mukatulutsa foni.

Tiyambe ndi thambo loti mbuu lija. Diso la munthu limatha kuona mtambo wowala ndi tsinde la mtengo la mumthunzi pa nthawi imodzi. Kamera ya foni siingathe, imayenera kusankha chimodzi. Mukailoza ku munda wa tiyi, womwe ndi wodera poyerekeza ndi thambo, foni imayesa kuti kwada, ndiye imawonjezera kuwala. Munda umaoneka bwino, koma thambo limapserera, ndipo phiri, pokhala patali, limasungunukira m'kuyera komweko. Malo amene apserera pa chithunzi sabwereranso, ngakhale mutakonza bwanji pambuyo pake. Malo odera ndiwo amatheka kuwadzutsa.

Choncho musanajambule, gwirani ndi chala pa sikirini pamene pali phiri. Patuluka kabokosi kapena kabwalo, ndipo pambali pake pamakhala kachizindikiro ka dzuwa. Kakokereni pansi pang'onopang'ono mpaka mitambo ionetse mapindikidwe ake ndipo mizere ya m'matanthwe iyambe kuoneka. Munda uderako, musade nkhawa. Pa mafoni ambiri, mukasiya chala pamenepo kwa masekondi awiri, kuwalako kumakhazikika osasinthanso mpaka mutagwira pena. Yatsaninso HDR. Imeneyi imajambula zithunzi zingapo mofulumira, china chowala china chodera, n'kuziphatikiza. Imathandiza kwambiri pa phiri ndi mitambo, koma kukakhala mphepo, masamba a nthochi amatuluka awiriawiri, ndipo munthu woyenda amakhala ndi chizukwa pambali. Zikatero izimitseni.

Komabe chachikulu ndi mbali ya dzuwa, ndipo apa m'pamene ambiri sazindikira. Kwa munthu wa ku Chonde, Luchenza kapena Thyolo, phiri la Mulanje lili kum'mawa. M'mawa dzuwa limachokera kuseri kwake, ndiye chimene mukuona ndi mbali ya mthunzi: chinthu chachikulu chabuluu chopanda tsatanetsatane. Ngati mumapita ku Chitakale m'mawa n'kumajambula phiri panjira, ndiye kuti mukujambula molimbana ndi dzuwa tsiku lililonse. Lijambuleni pobwerera. Kuyambira cha m'ma hafu pasiti 3 mpaka dzuwa kulowa, kuwala kumachokera kumsana kwanu n'kumenya phiri kumaso. Thanthwe la Chambe, nsonga ina ya phirili, loyang'ana kumadzulo, limasintha mtundu mukuona: lotuwa, kenako lachikasu, pomaliza lofiirira ngati mphika wootcha. Kufiira kumeneku sikukhalitsa, ndi mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, choncho malo oimapo muwasankhiretu. Kumbukirani kuti kuno dzuwa limalowa itangopitirira 5 koloko mu Juni, ndipo itangopitirira 6 koloko mu Januwale. Kutuluka kwake ndi cha m'ma 6 mu Juni, koma cha m'ma 5 kumapeto kwa Novembala.

Mbali ya kum'mwera nkhani yake ndi ina. Mukadutsa pa boma la Mulanje kulowera ku Mimosa, Limbuli ndi Muloza, phiri limakhala kumpoto kwanu. M'miyezi yachisanu dzuwa limayenda chakumpoto, kotero matanthwe a mbali imeneyi amakhala mumthunzi pafupifupi tsiku lonse. Kuyambira Novembala mpaka Januwale dzuwa limatulukira ndi kulowera chakum'mwera, ndipo m'mawa ndi madzulo limawala bwino pa matanthwe omwewo. Nthawi yomweyo ndi imene tiyi wabiriwira ndipo mathithi akutsika m'khoma la phiri ngati ulusi woyera. Kuwala kwa m'mawa kuli ndi ntchito yakenso ngakhale kwa inu a kumadzulo: dzuwa lisanatuluke, phiri lakuda bii pansi pa thambo lofiira ndi chithunzi chabwino. Pamenepo gwirani pa thambo, mutsitse kuwala, phirilo mulisiye lide.

Nanga n'chifukwa chiyani phiri lotalika mamita 3,002 pa nsonga ya Sapitwa likutuluka ngati chulu? Kamera ya foni imaona motambalala. Imatenga msewu, mapolo a magetsi, thambo lonse, ndipo chilichonse chakutali chimachepa pomwe chapafupi chimakula. Mnzanu akaima mapazi atatu kuchokera pa inu, iye ndiye amasanduka phiri. Muchite mosiyana. Pezani chinthu chodziwika kukula kwake, monga mtengo wa mango, nyumba ya malata, kapena wa njinga wonyamula zinanazi. Bwererani m'mbuyo mapazi makumi atatu kapena makumi asanu, dinani 2x, batani lokulitsa chithunzi kawiri, kenako ikani chinthucho chakumunsi kwa chithunzi. Phiri lidzaima kumbuyo kwake lalikulu ngati khoma, chifukwa tsopano diso lili ndi choyerekezera. Musapitirire 2x. Mafoni ambiri otsika mtengo alibe galasi lokokera zakutali, amangodula pakati pa chithunzi n'kupakulitsa, ndiye pa 5x kapena 8x masamba amasanduka phala. Ngati foni yanu ili ndi pamene alemba 48MP kapena 50MP, manambala osonyeza kukula kwa chithunzi, jambulani ndi pamenepo kukakhala kowala, kenako mudule chithunzicho kunyumba.

Lowaninso m'masetingi a kamera muyatse mizere ya grid, ija imagawa sikirini m'tizigawo 9. Imathandiza kuti dziko lisapendekeke, komanso imakufunsani funso: mwini chithunzi ndani? Akakhala phiri, lipatseni magawo awiri mwa atatu, thambo kachidutswa chabe. Akakhala munda, phiri likhale mzere wa pamwamba. Thambo loyera lopanda mtambo silinena kanthu, lichepetseni. Ndipo foni muigwire choongoka. Mukaipendeketsa kuloza m'mwamba, mabulugamu a m'mbali amaoneka ngati akugwera pakati.

Tsopano tiyi. Thyolani tsamba limodzi lokhwima, muliyang'ane padzuwa. Muona kuti pamwamba pake ndi posalala, ponyezimira ngati popakidwa mafuta. Masana tsamba lililonse limakhala kagalasi kobweza kuwala kwa thambo, ndiye chimene foni ikujambula ndi thambo lobwezedwa ndi masamba zikwizikwi, osati kubiriwira kwake. Kutuwa kuja ndi kumeneko. Njira yoyamba ndi kudikira dzuwa likhale pansi, likuchokera m'mbali kapena chakutsogolo pang'ono. Masamba anthete a pamwamba, awiri aja ndi kansonga kamene otchola amafuna, ndi opyapyala. Kuwala kumalowa mkati mwake, munda wonse n'kuyaka ngati wathiridwa golide wobiriwira, ndipo tinjira ta pakati pa mizere timakhala mizere yakuda yotsogolera diso kuphiri. Pojambula chakudzuwa chonchi, phimbani pamwamba pa foni ndi dzanja kapena chipewa kuti dzuwa lisagunde pa kagalasi, apo ayi chithunzi chichita nkhungu.

Njira yachiwiri ndi tsiku la mitambo, mvula itangokata. Fumbi lachoka, kuwala n'kofewa, ndipo mtundu weniweni umatuluka. Yachitatu ndi magalasi a dzuwa a mtundu wa polarised. Kuti mudziwe ngati alidi otero, yang'anani sikirini ya foni kudzera m'magalasiwo uku mukuwazungulitsa. Sikirini ikada kapena kusintha mtundu pena pake, ndi omwewo. Agwirizeni pa kagalasi ka kamera n'kumazungulitsa pang'onopang'ono, muona kunyezimira kwa masamba kukuzimiririka ndipo thambo likuderako. Zimagwira bwino dzuwa likakhala kuphewa kwanu, osati kumaso kapena kumsana. Chimene musachite ndi kudalira batani la AI kapena zosefera mitundu. Zimapaka munda wonse utoto umodzi wobiriwira ngati wa penti, pomwe tiyi weniweni ali ndi mitundu ingapo: wachikasu pa nsonga, wobiriwira pakati, wodera pansi.

Palinso nthawi imene tiyi amakhaladi wotuwa, ndipo foni siinama. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, minda yosathiriridwa imakhala yotopa, ya fumbi, ndipo zigawo zimene azidulira m'miyezi yachisanu zimangokhala timitengo tofiirira. Utsi wa moto wa m'tchire umadzaza mlengalenga mwakuti masiku ena phiri silioneka n'komwe kuchokera ku Luchenza. Miyezi imeneyo lisiyeni phiri. Jambulani dzuwa lofiira psuu likulowa mu utsi, masamba atsopano ofiira a mitengo yachilengedwe ya m'munsi mwa phiri cha ku Likhubula, jakaranda wa maluwa a pepo, alimi akugalauza nthaka youma, amayi akumenya nandolo pabwalo. Zigawo zodulira zoyandikana ndi zobiriwira nazo zimapanga chithunzi chabwino mukaziona muli pamtunda.

Mvula ikangogwa kawiri katatu, mpweya umayera. Kuyambira Disembala mpaka Epulo tiyi amaphuka kwambiri, otchola amadzaza m'minda, ndipo mitambo imasintha ola lililonse. Zithunzi zamphamvu kwambiri za nyengoyi zimabwera mvula ikangodutsa madzulo, dzuwa n'kutulukira pansi pa mtambo wakuda: munda umawala, kumbuyo kuli bii. Walira mvula walira matope, ndiye nyamulani kapepala ka pulasitiki, ngakhale ka shuga kotsuka bwino, kosungiramo foni. Kwa ife, Epulo ndi Meyi ndiyo miyezi yoposa yonse. Dziko likadali lobiriwira, mlengalenga mulibe utsi, mikukwe ya chimanga yaima m'minda, ndipo njira zayamba kuuma.

Chiperoni musachithawe. Nkhungu ndi kamvula kowaza kameneka, kotenga dzina ku phiri la Chiperone ku Mozambique, kamabwera ndi mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa makamaka pakati pa Meyi ndi Ogasiti, ndipo ku Thyolo ndi Mulanje kamatha kukhala masiku angapo. Kamabisa zonse zosokoneza, n'kusiya mitengo itaima m'magulu, wapafupi wakuda, wotsatira wotuwa, wachitatu wongooneka pang'ono. Apa lamulo la kuwala litembenuzeni. Foni ikaona kuyera ponseponse imayesa kuti kwawala kwambiri, ndiye imachepetsa, nkhungu n'kutuluka yakuda ngati madzi otsukira mbale. Kokerani kadzuwa kaja m'mwamba pang'ono. Kamera imavutikanso kupeza pogwira mu nkhungu, choncho gwirani pa chinthu chakuda chapafupi, tsinde la bulugamu kapena munthu wa ambulera. Popanda chinthu chotero chithunzi chimangokhala pepala lotuwa. Muziyang'ana kagalasi pafupipafupi, kadontho kamodzi kamaononga zithunzi khumi musanazindikire.

Mwanena za phiri ndi tiyi, koma panjira yanuyo pali zambiri zimene foni imajambula bwino kuposa phiri, ndipo ndi zazing'ono. Tsikani pa njinga m'mawa mame asanakamuke, mugwade m'mbali mwa munda. Pa tsamba la chimanga mame amasonkhana m'mphepete n'kutsetserekera ku mtima wa mbewu. Pa ukonde wa kangaude womangidwa pakati pa mapesi awiri, timadontho timandandalika ngati mikanda. Mukaima dzuwa lili kumsana, ukondewo suoneka. Zungulirani kuti dzuwa likhale kuseri kwake, ndipo kumbuyo kukhale mthunzi wa mtengo wa mango kapena chitsamba chodera. Ulusi uliwonse uwala pa mdima. Ichi chimagwira pa ngayaye za chimanga, ndevu zake, maluwa achikasu a nandolo, ndi udzu wa tsekera.

Kamera yaikulu ya foni imalephera kugwira chinthu chimene chili pafupi kuposa masentimita 8 kapena 10. Mukayandikira mopitirira, tsamba limachita chimbuuzi, dothi la kumbuyo ndilo n'kuoneka bwino. Khalani pa masentimita 12 mpaka 15, pafupifupi utali wa cholembera, dinani 2x, gwirani pa sikirini pamene pali diso la kachilombo kapena pakati pa duwa. Kakamera kapadera ka macro, kojambulira zapafupi, ka mafoni otsika mtengo nthawi zambiri ndi ka 2MP chabe, ndipo njira iyi imakaposa. Mdani wina ndi mphepo. Gwirani phesi ndi zala za dzanja lamanzere, foni muitsamiritse pa dzanja lomwelo, kuti zikagwedezeka zigwedezekere limodzi. Jambulani kasanu kapena kakhumi, chimodzi chituluka chakuthwa.

Agulugufe ndi ziwala m'mawa wozizira sathamanga, amadikira dzuwa liwaothe, ndiye imeneyo ndiyo nthawi yawo. Mthunzi wanu usawagwere, ndiwo umawathawitsa kuposa phokoso. Tombolombo ali ndi chizolowezi chothandiza: akauluka pa kamtengo ka m'mbali mwa madzi, amabwereranso pomwepo. Musamuthamangitse. Lozetsani foni pa kamtengoko, khazikitsani pogwira, mudikire. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Bilimankhwe mujambuleni pomwe mwamupeza, foni ili pa msinkhu wa diso lake, osamuchotsa pa nthambi. Ndipo musanagwade, onani pansi: linthumbu ndi njoka zimakonda m'mbali mwa minda momwemo.

Pa mbalame tinene zoona, foni ndi yofooka. Pumbwa wa pamtengo atuluka ngati kadontho. Jambulani mbalame pamodzi ndi malo ake: akakowa oyera akutsata ng'ombe kudambo, zisa za mpheta zikulendewera pamwamba pa mtsinje, anamzeze atandandalika pa waya. Apa pokha ndi pamene anzanu aja akunena zoona.

Munda umajambulika bwino ndi munthu wodziwa chimene akuona, ndipo inu okulira kuno mumaposa mlendo aliyense. Mlendo amaona kubiriwira. Inu mumadziwa kuti kamunda aka kali ndi chimanga, nandolo, chinangwa ndi maungu pamodzi chifukwa malo ku Mulanje ndi Thyolo ndi ochepa. Mumadziwa kupalira ndi kubandira. Mumazindikira mizere yotsata akalozera, udzu wa vetiva wotchinga madzi pa mtsetse, ndi chigwembe chimene chikukula chaka ndi chaka. Zimenezi zionetseni. Mizere imaoneka dzuwa likaidula chopingasa lili pansi, chifukwa mzere uliwonse umakhala ndi mthunzi wake. Masana imafafanizika. Kwerani pa chulu kapena pa mtumbira wa msewu, mita imodzi yokha ya pamwamba imatambasula munda wonse. Funaninso malire, pamene tiyi wosalala wa esiteti wathera ndipo timinda ta m'mudzi tayambira. Mzere umenewo ukunena mbiri ya maboma awiriwa popanda mawu.

Ntchito imene tingakulimbikitseni kuposa zonse ndi iyi. Pa njira yanu ya Chonde mpaka Chitakale sankhani malo amodzi okhala ndi chizindikiro chosasuntha, monga mlatho waung'ono kapena mwala. Imani pomwepo, foni pa msinkhu wa chifuwa, pa 1x, mtengo womwewo ukhale pakona yomweyo ya grid. Jambulani kamodzi pa mwezi, ola lomwelo. Pakutha chaka mudzakhala ndi zithunzi 12 za munda umodzi: dothi lofiira, mbewu zomera, chimanga chobisa nyumba, mikukwe, nandolo wotsala yekha, kenako lupsa. Zaka zikapita, zithunzi zotero zimasanduka umboni wa mitengo imene yatha ndi mitsinje imene yasintha njira. Zipsera za zigumukire zimene namondwe Freddy anasiya m'mapiri a kuno mu Malichi 2023 nazo zikusintha chaka chilichonse pamene udzu ukumeranso. Mukamazijambula kumbukirani kuti m'midzi ya pansi pake muli mabanja amene anataya abale, ndiye yambani mwalankhula ndi eni mudzi.

Luso lomweli lingathandize kumunda kwanu. Mukafuna kuonetsa alangizi mbewu yodwala, chithunzi chimodzi sichikwana. Tengani zitatu: munda wonse kuti aone kufalikira kwa vuto, mbewu imodzi yathunthu, ndi pafupi penipeni pamene paonongeka, mutaika kamtengo ka machesi pambali kuti kukula kudziwike. Ntchemberezandonda imabisala mu mtima wa chimanga, ndiye tsegulani masamba mujambule mphutsiyo ndi ndowe zake zonga utuchi. Pa nthochi yokayikitsa kuti ili ndi chisaka, onetsani masamba opanikizana a kunsonga. Pa chinangwa jambulani tsamba pamwamba ndi pansi pomwe. Zonsezi muchitire mumthunzi, chifukwa dzuwa lamphamvu limabisa mawanga achikasu.

Za anthu. Amayi akupalira aja si maluwa a m'mbali mwa msewu. Imikani njinga, perekani moni, nenani chimene mukufuna ndi kumene chithunzicho chipite. Akakana, thokozani muzipita. Akalola, apempheni apitirize ntchito yawo, chifukwa munthu akaima chilili kuyang'ana foni, chimene munachiona chija chatha. Mukatha aonetseni. Ana musawajambule makolo asanavomere. Otchola tiyi malipiro awo amadalira makilogalamu a tsikulo, ndiye mphindi zimene mwawaimitsa ndi ndalama yawo. Kawirikawiri manja amanena zambiri kuposa nkhope: zala zikudumpha pa nsonga za tiyi, tsamba likuponyedwa m'dengu la kumsana. Kuti manja oterewa asachite chimbuuzi pafunika kuwala kokwanira, kapena mu Pro, gawo la kamera limene mumasankha nokha masetingi, muike liwiro la kujambula pa 1/500 ya sekondi. Nkhope ikakhala pansi pa chipewa kumbuyo kuli thambo lowala, imada. Gwirani pa sikirini pamene pali nkhopeyo, ndipo sunthani kuti kumbuyo kukhale tiyi kapena mitengo.

Minda ya maesiteti monga Lujeri kapena Satemwa ili ndi eni ake. Kujambula muli pamsewu wa aliyense ndi nkhani ina, koma kulowa mkati pemphani kwa alonda kapena ku ofesi. Kankhalango kowirira ka pakati pa minda ya m'mudzi nthawi zambiri ndi manda, ndipo inu mukudziwa kuti kumeneko salowako popanda amfumu. M'munda wa munthu yendani m'khwawa, osaponda pa mzere.

Tsiku lina mukapita ku Likhubula kapena ku Dziwe la Nkhalamba, dziwe la pansi pa mathithi a chakumeneko, madzi ali ndi machitidwe awiri. Pa 1/500 kapena kuposa, dontho lililonse limaima. Kuti madzi aoneke osalala ngati nsalu, lowani mu Pro, ISO, muyeso wa mmene kamera imamvera kuwala, muiike pa nambala yotsikitsitsa, 50 kapena 100, liwiro pa 1/8 kapena 1/4. Izi zimatheka m'mamawa, madzulo kapena kukachita mitambo yambiri. Padzuwa chithunzi chonse chimapserera. Dzanja silingagwire foni osagwedeza pa liwiro limeneli, choncho itsamiritseni pa mwala kapena pa chikwama, muike timer ya masekondi atatu kuti kudina kwanu kusaigwedeze. Miyala ya m'mbali mwa madziwo ndi yoterera kwambiri ndipo dziwelo n'lakuya ndi lozizira. Nthawi ya dzinja mvula imatha kugwa pamwamba pa phiri kumunsi kuli dzuwa, mtsinje n'kudzaza mwadzidzidzi. Madzi akayamba kufiira kapena kubwera ndi zinyalala, chokani. Pokwera phiri lenilenilo tengani wolondolera njira wa ku ofesi ya zankhalango ya pa Likhubula, ndipo foni muisunge m'thumba la mkati, chifukwa kuzizira kwa pamwamba kumatsitsa batire msanga.

Zithunzi zambiri zabwino zimafera pa WhatsApp. Mukatumiza mwa nthawi zonse, imazifinya kuti zisadye bandulo, ndipo masamba a tiyi, pokhala tinthu tating'ono tambirimbiri, ndiwo amayamba kuphwanyika. Chimene mukufuna kuchisunga kapena kukachisindikiza, chitumizeni ngati Document. Chithunzi cha 12MP chimadya pakati pa 3MB ndi 5MB, ndiye 1GB imasunga mazana awiri kapena atatu. Madzulo aliwonse fufutani zobwerezabwereza, musunge chimodzi kapena ziwiri, ndipo kamodzi pa mwezi zikopereni pa memori khadi kapena pa kompyuta. Zimitsani chidindo cha dzina la foni chimene chimalembedwa pakona. Pokonza, pulogalamu yaulere ya Snapseed ikwana: tsitsani Highlights (malo owala), kwezani Shadows (malo odera) pang'ono, ongolani ngati chapendekeka, dulani zosafunika m'mbali. Saturation, yowonjezera mphamvu ya mitundu, musaikhudze kwambiri. Dothi la Thyolo ndi lofiira kale, mukawonjezera limaoneka ngati la pulasitiki. Nthawi zonse sungani chokonzedwacho padera, choyambirira chikhale momwe chinalili.

Mukachita izi kwa nyengo imodzi yathunthu n'kuona kuti chimene chikukupwetekani ndi mbalame, anyani a m'mitengo kapena nsonga zakutali, pamenepo kamera ili ndi phindu. Yogwiritsidwapo kale ntchito ya Canon kapena Nikon ikwana, ndipo ndalama yambiri ipite ku galasi lokoka lofika mamilimita 200 kapena 300. Pogula, chotsani galasilo, litseguleni mbali zonse ziwiri, muunikemo ndi tochi ya foni. Mukaona tiulusi toyera tonga ukonde wa kangaude mkati, ndi nguwi, ndipo lisiyeni. Chinyezi cha Mulanje chimameretsa nguwi imeneyi msanga, choncho kamera yanu isamagone m'chikwama chotseka miyezi ya mvula. Ikanyowa ndi chiperoni ipukuteni, muiumitse pamalo opita mphepo, kenako muisunge m'chidebe chotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica tija timabwera m'makatoni a nsapato. Timapaketito muzitiyanika padzuwa lamphamvu kamodzi pa mwezi kuti tiyambenso kuyamwa chinyezi.